Tiyamike wa pa Zenera

LOLEMBA

Sabata yomaliza! Ndilembenso: YOMALIZA.

Lachisanu kukubwera Mayi Gondwe, alekichala athu a kukoleji, kudzaona ngati masabata khumi a pulakatiko pa sukulu ino andisandutsa mlangizi wa ana kapena ndangothandiza ana kumaliza phala. Akangosaina fomu, Loweruka m'mamawa ndili m'minibasi, madzulo ndili ku Ntcheu, Tadala ali pamiyendo panga.

Tadala wanga ali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya kwa akulu anga. Akuti tsopano amavala yekha nsapato, ngakhale amasemphanitsa. Ine sindinaonepo.

Basi, za ntchito.

Koleji imafuna mwana mmodzi: umuone, umumvetse, umuthandize, ulembe lipoti. Wanga ndi Tiyamike wa Sitandade 4, zaka khumi ndi ziwiri. Makolo ake ndi matenanti pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo, kwawo ndi ku Phalombe. Iye m'kalasi amakhala pa zenera. Sayankhula. Aphunzitsi akamafunsa, iye maso ali kumsewu. Nthawi yosankha ndi kudinda fodya sankabwera n'komwe, wayambiranso mabelo atapita ku okushoni. Ndiye ntchito ya masabata khumi ndiyipanikize m'masiku asanu.

Dongosolo:
1. Lero: kuyeza pamene nzeru zake zafika.
2. Mawa: phunziro la zosowa za mwana, kenako kujambula.
3. Lachitatu: kukaona makolo.
4. Lachinayi: kumuzoloweretsa kuyankhula pagulu.
5. Lachisanu: Tiyamike ayankhule, Mayi Gondwe asaine, ine ndilongedze.

Ndawaonetsa ahedi, a Mwale (pano onse amanditchula a Sosho, poti ndikuphunzira za sosho weki). Akuti, "A Sosho, pulani yanuyi ndi yokongola ngati ija ya laibulale yathu." Pasukulu pano palibe laibulale.

Kuyeza nzeru. Buku la kukoleji limati utenge madzi a m'kapu yaifupi, uwathire m'botolo lalitali mwana akuona. Wamng'ono amati madzi achuluka. Amene wakhwima maganizo amadziwa kuti ndi omwe aja. Ndathira. Ndafunsa. Tiyamike wayang'ana botolo, wayang'ana ine, kenako monong'ona: "Mukufuna ndinene kuti chani, Madamu?"

Ndati anene zimene akuona.

"Ndi omwe aja. Koma ena mwataya."

Zoona, siketi yanyowa. Ndafufuza buku lonse, palibe pamene akufotokoza za mwana amene amayamba wafufuza yankho limene wamkulu wabisa m'thumba.

Madzulo pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, poti netiweki imagwira pomwepo pokha. Tadala wakana foni, akuti ali bize. Ndimamumva chapatali akukalipira nkhuku. Ndawauza akulu anga kuti asadule, angoyigwira foniyo chomwecho. Ndamvetsera mpaka mayunitsi atha.

Ndikafika ndidzamuyesa ndi kapu ndi botolo. Ayi. Sindidzamuyesa chilichonse. Ndidzangomusambitsa.

LACHIWIRI

Mphepo! Fumbi m'mano, m'tiyi, m'kope.

Ndajambula pa bolodi chithunzi cha m'buku, chija chotambalala pansi n'kusongoka kumwamba. Ndafunsa ana kuti ichi n'chiyani.

"Chulu!"
"Denga la chigafa!"
"Samusa!"

Ndafotokoza bwinobwino. Pansi pali chakudya ndi tulo. Pamwamba pake chitetezo. Kenako chikondi, kenako ulemu, ndipo pansonga penipeni munthu amakhala chimene anabadwira. Munthu sangakwere pamwamba zapansi zisanakwane.

Ndili pa chitetezo, chitsulo cha phala chalira. Kutembenuka, kalasi ili gwaa, kwatsala patapata mmodzi pakhomo.

Bukuli apa silinaname.

Atabwerako, kujambula. Aliyense ajambule banja lake. Zomwe ndalandira:
— mabanja ambirimbiri okhala ndi galimoto (palibe ali ndi galimoto)
— ng'ombe imodzi ya miyendo isanu
— ine, ndili ndi mutu ngati dzungu
— la Tiyamike

La Tiyamike muli phiri lalikulu, nyumba ya zenera limodzi, mtengo wa mapeyala, ndi mizere ya nandolo yowongoka bwino. Munthu mulibe ngakhale mmodzi.

Nthawi ya buleki ndalemba tsamba ndi theka: kusungulumwa, kusowa womudalira, mwina nkhanza zobisika. Ndagwiritsa mawu onse aakulu amene ndimawadziwa. Kenako ndamuyitana.

Anthu ali kuti? "Ali kuno."
Nanga nyumbayi? "Ili uko."

Tsamba ndi theka lija ndayatsira mbaula.

Pa chulu. Lero walandira foni. Ndamva akulu anga akuti, "Yankhula ndi amayi ako." Iye: "Amayi ndi awa." Amufotokozera, amunyengerera ndi chigumu. Ndiye kamawu kaja kabwera pafupi, mpweya wonse m'khutu mwanga: "Halo, amayi a mu foni."

Ndaseka. Akulu anga asekanso, mopitirira pang'ono.

Mutu wachisanu ndi chimodzi wa buku umati mwana wamng'ono amafunika munthu wokhazikika, woti akathamanga akagwa abwerere kwa iye, ndipo akakhala naye amakula wolimba mtima. Tadala ali naye. Zili bwino kwambiri. Mutu umenewu pa mayeso ndinakhoza kuposa kalasi yonse.

LACHITATU

Kukaona makolo. Ndabwereka njinga ya a mlonda. Mabuleki ake ndi chidendene.

Minda yonse mbee, kwatsala ziputu za fodya. Zigafa zili pululu koma fungo likadalimo, lija lolowa m'tsitsi. Nyumba za matenanti zandandalikana ngati ana pa asembule.

Ndanyamula mafunso a masamba anayi. Mayi ake a Tiyamike andiyalira thumba pansi. Ndasuzumira m'nyumba: mulibe mpando, mulibe poto pa mafuwa, mphasa yopindidwa. Ndalemba msanga, "Pakhomo palibe ziwiya." Kenako ndaona mapoto onse pakona, omangidwa pamodzi ndi linya.

Mafunso:

Mwana anayamba kuyenda ali ndi miyezi ingati? "Anayambira pa esiteti ya ku Mchinji."
Mano? "Amenewo ndi a kumudzi."
Kuyankhula? "Ku Santhe. Ndipo chiyambire sanasiye."

Ndati pepani, ndikunena Tiyamike. Akuti eya, yemweyo. Andikodola kuti ndimvetsere.

Kuseri kwa nyumba kuli sukulu. Wina wakhazika tiana pansi ndipo akuphunzitsa ndi mawu okweza, opyapyala, odzikonda: "Taonani madzi awa, eti? Ndathira. Tsopano achuluka kapena sanachuluke? Musaope, palibe yankho lolakwika!" Tiana tili gadaa ndi phwete.

Kodi ndimayankhula choncho? Ndimayankhuladi choncho.

Mayiwo akuti kusukulu anzake amamuseka kayankhulidwe ka kwawo, ndiye anangotseka pakamwa. Komanso mwini wake amati kuzolowerana ndi anthu n'kutaya nthawi, poti mvula ina idzamupeza kwina. Za pa zenera? Akudikira lole. Fodya watha, abwana alonjeza lole yowatula ku Phalombe. Liti? "Akapitawo akuti Lolemba likubwerali. Kapena mawa."

Lolemba, Ambuye. Chonde Lolemba.

Ndafunsa funso lomaliza la pa fomu, loti kodi banja likufuna thandizo lanji. Ndimayembekeza uphungu. Akuti kalata ya thiransifa. Kawiri konse achoka pa esiteti opanda kalata, ndipo kawiri konse sukulu ya kumudzi yamubweza kalasi. "Folo yomweyi kachitatu, Madamu. Mabuku ake akuwadziwa ngati nyimbo za kutchalitchi."

Masabata khumi, ine osadziwa. M'kaundula simulembedwa zimenezi.

Andipatsa mbatata yootcha. Ndikusenda, andifunsa ngati ndili ndi mwana. Ndati mmodzi. Ali kuti? Ku Ntcheu. Wazaka zingati? Zitatu.

Asiya zimene amachita. "Aaa. Pepani, mayi."

Ndinapita kukaunika banja la anthu ovutika. Ndabwerako atandipepesa. Njira yonse ndayenda chokankha njinga, chifukwa maso samaona bwino. Fumbi.

LACHINAYI

Kalata ya thiransifa. Ntchito ya mphindi zisanu.

— Ahedi avomera ndi mtima wonse.
— Kalata imafunika chidindo.
— Chidindo chili m'kabati.
— Kiyi wa kabati ali m'thumba la adepute.
— Adepute ali ku maliro ku Wimbe.
— Foni yawo ili m'kabati momwemo, tikuyimva ikulira.

Ndati tithyole loko. A Mwale andiyang'ana ngati ndati tiwotche mbendera. "Loko ameneyu ndi katundu wa sukulu, a Sosho."

Podikira, gawo lachinayi la dongosolo. Ndamutengera Tiyamike pansi pa mtengo wa kesha. Sindinamuuze kuti dzulo ndinamumva. Iyenso akudziwa kuti ndinamumva. Tangoyang'anizana ngati anthu awiri amene agundana potuluka m'munda wa eni.

Ndamupempha kuti mawa, alendo akabwera, anene ziganizo zitatu zokha: dzina lake, kwawo, ndi chimene amafuna kudzakhala. Akuti amafuna kudzakhala dalaivala. Wa chiyani? Wandiyang'ana ngati ndine wa Sitandade 1.

"Ndikakhalapo ndinena," akutero.

Ine ndamva "ndinena" yekhayo.

Adepute afika cha m'ma folo, ana ataweruka kalekale. Kabati yatsekuka. Inki ya chidindo yauma gwa! A Mwale athyola bolopeni, afinyira inki pa kansalu, adontheza malovu pang'ono, adinda katatu pamalo amodzi. Dzina la sukulu likuwerengeka ukapendeketsa pepala. Kalata ili m'chikwama changa. Ndimupatsa mawa m'manja, Mayi Gondwe akuona. Ziwoneka bwino.

Ndatsikira ku magolosale kukagula nsapato za Tadala, zapulasitiki zofiira. Wogulitsa akufunsa saizi. Sindikudziwa saizi ya mwana wanga! Ndatambasula chikhatho kukumbukira mmene kaphazi kake kankakwaniramo, n'kuwonjezera chala chimodzi. Wogulitsa akuti ana amakula msanga, ndiwonjezere ziwiri. Ndawonjezera.

Chikwama ndalongedza. Ndasiya panja mswachi ndi bulauzi ya mawa basi.

LACHISANU

Sindikudziwa poyambira.

Pa zenera palibe munthu.

Seveni koloko palibe. Eyiti palibe. Naini galimoto ya Mayi Gondwe yaima pansi pa mbendera, atuluka ndi fayilo ndi nsapato zoyera zosadziwa fumbi la Kasungu.

A Mwale andinong'oneza: "Musade nkhawa, a Sosho. Atiyamike pano tili nawo atatu."

Ndisanatsekule pakamwa, alowa nawo mu ofesi Tiyamike wina, mwana wa a golosale, amene aphunzitsi amamukhazika kutsogolo kuti mwina angatonthole. "Nayu mwana wathu uja," akutero ahedi.

Ndikanayankhula pamenepo. Ndikudziwa. Ndinaona minibasi ya mawa, mpando wa pa zenera, msika wa pa Ntcheu. Ndinakhala chete.

Mayi Gondwe amufunsa dzina mofatsa, monga timachitira ndi mwana wamanyazi. Mwana watsekula mpopi. Dzina lake, la agogo ake, mayina a mbuzi zawo zonse, mtengo wa sopo, amene anaba choko, aphunzitsi amene ali ndi pakati koma sananenebe. Mayi Gondwe akutembenuza lipoti langa, akuyang'ana mwana, akuyang'ana ine.

"Chiuta wane! Uyu ndi uja sayankhula? Masiku anayi okha?"

Kenako: "Kwanu ku Phalombe umakukumbuka, mwanawe?"

"Ku Phalombe n'kuti?"

Pomwepo tamva injini.

Lole ikudutsa pa msewu wa kutsogolo kwa sukulu, yodzaza mpaka kumwamba: mitolo, njinga, madengu a nkhuku, amayi atafunda zitenje kumutu. Pamwamba pa zonsezo wina waimirira, dzanja limodzi wagwira chingwe, lina akugwedeza.

"MADAMU A SOSHOOO! TAPITAAA!"

Sukulu yonse yamva. Ana a Sitandade 4 akhamukira pa mazenera. Wina akufunsa, "Kodi amayankhula?"

Ndati, "Tiyamike wanga ndi uyo." Ndatenga chikwama. Njinga ya a mlonda inali pakhonde.

Sindinapalasepo chomwecho chibadwire. Fumbi la lole lonse ndameza ine. Siketi ndakwinyira m'mawondo, anthu a m'njira aone zimene aone. Nsapato imodzi inatsala penapake pafupi ndi chigayo. Ndikukuwa, lole siyikumva. Yazimiririka. Ndikupalasabe, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndayipeza pa mphambano ya tala, dalaivala akuthira madzi mu injini. Mabuleki a chidendene, phazi lopanda nsapato. Ndaima chogunda tayala.

Ndangokweza kalata m'mwamba. Yadutsa m'manja mwa anthu anayi mpaka yafika. Mayi ake ayiyang'ana, ayipendeketsa, ayikulunga m'pepala la shuga, ayilowetsa m'bulauzi. Agwira pachifuwa pomwepo.

Tiyamike akuyankhula ngati wailesi. Akuti lole inabwera mbandakucha. Akuti ndatuluka thukuta ngati ng'ombe ya ngolo. Akuti dalaivala uyu sadziwa kusintha magiya.

Ndiye mayi ake aweramira pansi, atambasula dzanja. "Kwerani, mayi. Pa Ntcheu tidutsa madzulo ano. Tikutsitsani."

Madzulo ano.

Ndinaponda tayala. Ndilembe zoona, poti dayale ino ndi yanga: phazi linali pa tayala, dzanja langa m'dzanja lawo. Ndikanafika asanagone. Ndikanamupeza akudya.

Njinga ya eni ili gone mu fumbi. Mayi Gondwe ali mu ofesi ndi mwana wolakwika. Zaka ziwiri za koleji. Dalaivala waliza hutala.

Ndatsitsa phazi.

Lole ikunyamuka, Tiyamike wakuwa: "Mwana wanuyo dzina lake ndani?" Ndamuuza. "Tikamadutsa ndimukuwira!"

Ndabwerera wapansi. Nsapato ija sindinayipeze.

Ndawapeza Mayi Gondwe akudya mtedza ndi ahedi. A Mwale akuyang'ana kudenga ngati ayamba kuliona lero. Ndafotokoza zonse, kuyambira botolo mpaka tayala. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Za kalatayo mwachita bwino," akutero. "Koma pa fomu yanga palibe bokosi la kuthamangitsa lole. La kukhala chete mwana wolakwika akuyankhula, limenelo lilipo."

Cholembera chaima pamwamba pa bokosilo nthawi yaitali. Sanachonge. Atseka fayilo.

Masabata ena awiri. Mwana wina. Lipoti lina.

LOWERUKA

Minibasi ya m'mamawa yaima pa siteji, yaliza hutala kawiri monga tinapanganirana ndi kondakitala. Ndafunda bulangete kumutu mpaka yapita.

Miyendo! Kukhala pansi ndi ntchito, kudzuka ndi ntchito ina.

Ndamasula chikwama. Zovala zabwerera pa chingwe.

A mlonda abwera kudzaona njinga yawo. Akuti handulo yapindika koma ikuyenda bwino kuposa kale. Akuti mudzi wonse ukukamba za ine, ndipo amayi a kuchigayo akusunga nsapato yanga, ndikaitenge ndekha chifukwa akufuna andione.

A Mwale atumiza mazira anayi ndi kapepala. Palibe mawu opepesa, pali mayina asanu ndi awiri a ana oti ndisankhepo. Pansi alemba: "Ine ndikanasankha wa a golosale. Vuto lake mwaliona nokha, ndipo sasamuka."

Pa chulu ndawauza akulu anga kuti sindikubwera. Akuti anapha kale nkhuku. Akuti Tadala sanamuuze kuti ndikubwera, poopa zomwezi. Anachita bwino. Zandipweteka kuti anachita bwino.

Ndawafunsa ngati dzulo madzulo sanamve munthu akukuwa kumsewu. Akuti kumsewu amakuwa tsiku lililonse. Kwathu ndi kuseri kwa phiri, ulendo wa ola lathunthu kuchoka pa tala. Ndimadziwa. Ndinangofunsa.

Koma ndikukhulupirira kuti anakuwa.

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Pa zolengeza, akulu a mpingo athokoza Mulungu chifukwa cha "mlendo wathu wothamanga". Mpingo wonse watembenuka. Ndagwedeza dzanja, nanga ndikanatani?

Ndasankha wa a golosale. Ndakumana naye panja ndipo ndamuuza. Wandiyankha kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pa mjigo. Pakati pa mbuzi ndi sopo wanena kuti kunyumba kwawo palibe amene amamumvetsera, onse amakhala pa kauntala. Wanena mothamanga, n'kupitiriza za mbuzi. Sindinalembe paliponse. Ndangomva.

Dongosolo la mawa:
1. Kufunsa matenanti otsala amene akufuna makalata.
2. Kusunga kiyi wa kabati m'bulauzi mwanga.

Zina ndiona konko.

Madzulo Tadala walanda yekha foni. Sanapereke moni. Wayamba kuyimba kanyimbo kamene aphunzira lero ku Sande sukulu, kokhala ndi kuwomba m'manja pakati, ndipo akawomba foni imagwa. Sindikukadziwa. Aka ndi koyamba kuti ayimbe nyimbo imene sanaimve kwa ine.

Wamaliza, akuti, "Tsopano inu."

Ndati sindiidziwa.

Wapumira m'mwamba ngati mphunzitsi wotopa. "Mvetserani bwinotu."

Wayimbanso pang'onopang'ono, mzere umodzi umodzi, ine ndikubwereza ndili chiimire pa chulu, ana a mpira asiya mpira akundionerera. Mzere wachitatu ndalakwitsa kanayi. Akuti ndine wovuta kuphunzitsa. Akuti mawa tibwerezanso, ndipo ndisachedwe.

Mawu ake ndawalemba kuchikuto cha buku la koleji, poti ndi pokhapo panali malo. Mzere wachitatu sindikuumvetsabe, mwina ndi Chingerezi, mwina ndi chake. Mawa ndimufunsa.